Njere za m'mphepete mwa manda

Fungo la lupsa likandipeza, ngakhale ndili pakati pokangana ndi kasitomala m'tauni muno, ndimaona azakhali anga a Nabanda ataima pa dambo lopsa kwathu kuseri kwa Nsaru, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Chinali chilimwe, ine ndili ndi zaka khumi. Fodya anali atapita, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo anafe ntchito yathu inali kusaka mbewa ndi kufufuza za eni.

Azakhaliwa, mlongo wawo wa bambo, anabwerera kumudzi amuna awo atamwalira. Ankakhala pakhonde kutunga mikanda, osati ya m'sitolo, koma ya njere zakutchire. Chinkandisautsa n'chakuti mikanda yawo inkasintha ndi nyengo. M'dzinja ankatunga nsatsi zamawangamawanga ngati nthaka yodontheredwa mvula, m'masika timabango tachikasu ngati mapesi. Mayi wina akapempha mkanda wonga umene mnzake anagula miyezi yapitayo, ankamuuza kuti nyengo yake yatha, adikire chaka chamawa. Ine, amene ndinali nditagulitsapo kale mbewa imodzi kwa anthu awiri, ndinadziwa kuti munthu wobweza kasitomala ali ndi chobisa.

M'mawa wina ndinawalondola. Anaima padambo paja nthawi yaitali, kenako analunjika kumanda. Sanalowe, koma m'mphepete mwake munali mtengo wa msambamfumu, umodzi wokha umene unatsala m'dera lonse, ndipo zikhokhombe zake zinali zitayamba kuphulika ndi dzuwa. Anatola njere zakuda za mitu yofiira n'kumanga pansalu. Atafika kunyumba anazikwirira m'phulusa lotentha, anazipachika pautsi, ndipo pozitunga milomo yawo inkagwedezeka ngati akuyankhula ndi munthu wosaoneka. Manda, phulusa, kunong'ona: ndinafunanso umboni wanji?

Ndinayamba ndi kuba. Ndinatapa njere zodzaza dzanja zisanalowe m'phulusa, poopa kuti munali mankhwala, n'kutunga mkanda wangawanga umene ndinabisa m'chitini patsindwi. Kenako ndinapita kukachita malonda. Ndinawauza azakhali kuti ndaona zonse, koma akandipatsa mikanda iwiri pakamwa panga patsekeka. Ndinali wokonzeka kutsika mpaka umodzi. Iwo sanadzutse n'komwe mutu. "Kanene, mwanawe," anatero. Aka kanali koyamba kukumana ndi munthu wosanenerera, ndipo zinandiwawa kwambiri moti ndinakanenadi.

Ndinauza amayi, amene anali pachitengwa ndipo ndi alamu awowo ankangopatsana moni wa pamwamba. Nkhani inapita kuchitsime, kuchokera kuchitsime inafika kuchigayo, ndipo pofika Lamulungu mikanda ija inali itasanduka zithumwa. Amayi ena anavula yawo n'kuponya m'chimbudzi. Akulu a mpingo anatumiza mawu kuti a Nabanda ayambe aima kudya mgonero mpaka nkhani itamveka. Tsiku la mgonero ndinawaona atakhala panja pansi pa mtengo, atavala zoyera zawo, buku la nyimbo lili pamiyendo, anzawo akuimba m'kati. Ndinadziuza kuti olakwa amakhala choncho, koma mbewa za tsiku limenelo sizinandikomere.

Patapita masabata angapo akulu awiri anabwera, anakhala pakhonde n'kuvula zipewa. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kumene ndinabisala, kuseri kwa nkhokwe. "Iwe, katsitse chitini chako chija patsindwi. Cha njere zanga zakuba." Ndinapita kukachitsitsa. Nditatsegula pamaso pa onse, munatuluka fumbi ngati gaga. Njere zonse zinali zibowo zokhazokha, tizilombo tikuyendayenda pa ulusi. Azakhali anaika mkanda wawo pambali pake, wosalala, wonunkhira utsi. Mkulu wina, a Chisale, anaupotokola ndi zala, n'kuyang'ana mnzake. "Ndi phulusa, eti? Ngati la m'nyemba." Panalibe mwa iwo amene sankathira phulusa m'mbewu zake poopa anankafumbwe.

Mnzawoyo sanakhutire, anafunsa za kumanda ndi za kunong'ona. Azakhali anati ponong'ona amawerenga njere, zakuda zisanu, kobiriwira kamodzi. Anakweza mkanda umene anali kutunga n'kuloza ndi mlomo kudambo. Tonse tinayang'ana. Pa nthaka yakuda bii panali patatuluka timsipu tobiriwira apa ndi apo, ndipo chapatali tchire linali litafiira ndi masamba atsopano. Dambo lonse linali m'dzanja mwawo. "Ndimakopera kumeneko. Za kumandazo, mitengo inayo munamangira zigafa za fodya ndinu, abambo. Ndikatole kuti?" Akulu aja anavala zipewa zawo mofulumira.

Mlandu unatha, koma mgonero unali utadutsa, ndipo wina unali kutali. Azakhali sanandimenye. Anangondipatsa waya ndi mbaula kuti ndiziboola njere mpaka mvula itagwa, ndipo chala changa chamkombaphala chikadali ndi chipsera. Miyezi yonseyo ankandionetsa zinthu osayankhula zambiri: mtundu wa mitambo ya chizimalupsa, mapiko a ngumbi, dothi likayamba kunyowa.

Msambamfumu uja unagwa kalekale, azakhali anagona pafupi ndi chitsa chake. Ine lero ndimagulitsa mikanda yapulasitiki, yofanana chaka chonse, yosadziwa dzinja kapena chilimwe. Kukayikira sindinasiye, ndiko kumadyetsa ana anga, ndipo ndimanenerera ngakhale mulu wa tomato. Koma mayi wakumudzi akandibweretsera mikanda ya njere kuti ndipikule, ndimayamba ndainunkhiza. Ndikamva utsi, mtengo umene watchula ndi womwewo.