Mluzu wa Kuseri kwa Shopu ya Lezala

Lezala anali wometa, ngakhale pamutu pake panalibe choti n'kumeta. Kashopu kake kanali ka mpando umodzi, kalilole wong'aluka pakona ndi benchi la anthu ongobwera kudzamva mabodza. Pakamwa pake sipankazizira. Wokhoza kumudula nkhani anali mkazi wake yekha, ndipo ankamudula ndi mluzu.

Nyumba yawo inali kuseri kwa shopuyo. Chakudya chikapsa, mayiwo ankangoima pa chingwe choyanikira zovala n'kuimba mluzu: kukwera, kukweranso, kenaka kutsetsereka. Lezala ankayankha ndi wake waufupi, n'kusiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Chifuwa chinawatenga mayiwo, koma mluzu sichinautenge.

Unamveka masana ena, Lezala ali ndi makina m'manja, mpaka anabudula khutu la munthu. Anathamangira kuseri. Chingwe chili chokhachokha, chitseko chili chikhomere. Mawa lake chimodzimodzi. Makasitomala anayamba kuzemba, poti ndani angapereke khosi kwa munthu wonjenjemera manja?

"Akundiitana, alamu," anauza mlongo wa malemuwo, dalaivala amene ankanyamula alendo okaona mbalame kutchire.

"Kudzimva kumeneko! Achemwali anakupirirani zaka zonsezija, ndiye akufuneninso komweko? Ndi mbalame imeneyo."

"Ine mbalame ndimadziwa ziwiri: nkhuku ndi zinazo."

"Ndiye tikaphunzire zinazozo."

Mlamuyo anabwera ndi magalasi oonera patali a diso limodzi lakufa, ndipo anayamba kuyendera limodzi tchire la kutsidya kwa ngalande. Tsiku loyamba Lezala anapita atavala khoti lake loyera lometera, akulongolola njira yonse. Anaona matako a mbalame okhaokha.

"Vulani chimenecho, ndipo pakamwapo muike loko," anatero mlamuyo. "Mawu musawathamangire. Imani njii, mbalame ibwera yokha. Ikatera, onani msinkhu, mlomo, mchira, kakhalidwe kake pa nthambi."

Zimenezo Lezala sizinamuvute kwenikweni, poti moyo wake wonse anali akuyang'ana mitu. Pumbwa anamudziwira tsumba lake lakuda, ati wometa wake anali ataledzera. Mpheta anazidziwira kukangana, gogomole kukhoma mtengo ngati mwini nyumba wolusa. Mbalame iliyonse akaidziwa, ankadikira kuti iyasamule. Ikalira zake, ankapukusa mutu. Si iyi. Zodziwika zinkachuluka, zotsala zinkachepa, ndipo mantha ankakula: nanga zikatha zonse, mwini mluzu osapezeka?

Anamupeza pakhomo pomwe. Masana ena anasiya zothamangira kuseri. Anangokhala pa ndowa yovundikira, duu, monga anamuphunzitsira mlamu wake. Pa waya wa magetsi panatera kambalame kakuda bii, mchira wamphanda, diso lofiira. Kanatukula mutu. Kukwera, kukweranso, kenaka kutsetsereka. Koma kasanafike pansi, mluzu unaduka, ndipo panamveka kukhosomola kouma.

Lezala anamva tsitsi lomwe alibe likuima. Mmenemo ndi mmene mayiwo ankaimbira miyezi yawo yomaliza.

"Ndi nthengu," anatero mlamuyo atabwera kudzaiona. Tsiku limenelo sanaseke. "Imaba mawu. Inkawamva achemwali pa chingwepa."

Nthenguyo inabwerezanso. Milomo ya Lezala inasongoka yokha kuti ayankhe, koma mlamuyo anamugwira mkono.

"Samalani, alamu. Imatola chilichonse chimene yamva kawirikawiri. Ikakonda wanuwo, mwina uwu iutaya."

Manja a Lezala anasiya kunjenjemera, makasitomala anabwerera. Amaseketsabe anthu, ndipo aliyense wokhala pampando wake amamuuza mbalame imene akufanana nayo, afune asafune. Koma wailesi ya m'shopu anaipereka kwa telala wa kumapeto kwa msewu, ndipo munthu woimba mluzu pa benchi lake amamutulutsa ngati wakuba.

Dzuwa likafika paliwombo, amazimitsa makina, kusiya munthu atametedwa mbali imodzi, n'kupita kuseri. Masiku ena nthengu sibwera, ndipo amabwerako nkhope itakalamba. Ikabwera, imamuitana, n'kukhosomola, n'kudikira mutu utapendekeka. Lezala amaima pafupi ndi chingwe chopanda zovala, ataluma milomo yake.