Diso lanu losankhira fodya, Ababa

Ababa, lero ndikudikira basi ku Karoi, TV ya m'sitolo imaonetsa sewero lija la wapolisi wofufuza milandu. Ndinakumbuka Lamlungu lina masana kukomboni, tikuonera limodzi, pamene munaloza wakuba wa m'seweromo. "Uyu ndi uja anagwera m'dzenje la njoka mu filimu ya osaka chuma chakale." Ndinatsutsa poti uyu analibe ndevu. Munaseka. "Iwe ticha, sukulu yonse ija? Ndevu amameta, mwanangu. Ona makutu." Titabwereza filimuyo, analidi yemweyo. Zaka zonse zija mukusankha fodya m'shedi zinakupatsani diso loona kadontho pa tsamba kamene ena onse akaphonya. Koma masana omwewo munatsokomola, n'kupinda kansalu msanga kuti ndisaone magazi. Ndinawaona, Ababa. Munati ndi fumbi la fodya chabe, ine n'kuvomera chifukwa ndinkaopa yankho.

Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda. Tsopano Amai, amene munkakhala nawo benchi imodzi m'shedi muja, ayamba kutsokomola chimodzimodzi. Nawonso akuti ndi fumbi. Dzulo ndikuchapa ndinapeza kansalu kopindidwa bwinobwino m'thumba la juzi yawo, ndipo ndinakabwezera momwemo osakafunyulula. Ndili ndi mantha, Ababa, mantha aakulu. Koma mawa ndikwera nawo basi yoyamba kupita kuchipatala, akane asakane. Ulendo uno za fumbi sindivomera.