Buku Limene Amalume Anasuta

Buku lija linalibe chikuto, ndipo masamba ake omaliza anali atathothoka lisanafike kwathu. Bambo analigula pamsika wa ku Santhe n'kundipatsa ine, mwana wawo wamkazi woyamba. Linali la zithunzi zokhazokha, mawu ali m'timabwalo totuluka pakamwa pa anthu. Mapepala ake anali ofewa ngati a nyuzipepala, ndipo ankanunkha fodya, monga chinkanunkhira chilichonse pakhomo pathu nyengo imeneyo, ngakhale bulangete.

M'bukumo munali amuna awiri osamwerana madzi. Chingerezi sindinkachidziwa, choncho mayina ndinawapatsa ndekha. Wina anali Chiphaliwali, wouluka m'mwamba, wa nsalu yachikasu kumsana, mano oyera, tsitsi losasokonekera ngakhale pakati pa ndewu. Winayo anali Chipsera, wa jekete lakuda ndi chipsera chotsika kuchokera pachikope, woyenda pansi ngati ife tomwe. Akangokumana, zibakera zinkayamba.

Ndinapita nalo kwa aphunzitsi kuti anditsimikizire woipa ndi uti. Anawerenga timabwalo tija mwakachetechete, kenako anati onse awiri akulimbana ndi zigawenga zomwezo. "Uyu amagwira munthu n'kukamusiya kupolisi, anthu n'kumuombera m'manja. Uyu sadikira apolisi, ndiye palibe amamukonda." Yankholo linandikhumudwitsa. Mwana safuna zapakatikati, ndipo ine mlandu ndinali nditaugamula kale, chifukwa amuna awiriwa ndinali nawo pakhomo.

Chiphaliwali anali bambo. Anali wapampando wa kalabu ya alimi, oimba besi m'kwaya, munthu wa malaya ositidwa ndi simbi yamakala ngakhale tsiku lolima. Anthu akakangana za malire a munda ankaitana iwo, ndipo ankalankhula motsitsa mpaka okangana aja achite manyazi. Ndikamayenda nawo pamsewu ndinkamva kutalika.

Chipsera anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene kanyumba kawo kanali kuseri kwa chigafa chathu choyanikamo fodya. Ankamwa kachasu, kutchalitchi ankaponda pa maliro pokha, ndipo pamphumi anali ndi chipsera chenicheni chimene anachitenga kumowa. Tinkakhala kwawo kwa amayi, bambo ali mkamwini, choncho mwini mbumba anali amalumewo. Ine ndinkaona kuti udindo umenewo unagwera munthu wolakwika.

Inali nyengo yothyola fodya. Tinkalowa m'munda mame asanaume, masamba akutinyowetsa mpaka m'khwapa, ndipo pofika masana manja anali atada ndi utomoni umene sopo ankaukana. Pambuyo pake tinkakhala m'chigafa kusoka masamba n'kumawapachika pa mikangala, ndodo zoyanikapo fodya. Posoka fodya amayi analibe mnzawo m'mudzi monse. Koma chaka chimenecho anayamba kutsalira. Dzanja lawo lamanja linaleka kukwera kupitirira phewa, moti popachika ankaitana ine. "Ndinaterereka kumjigo," anatero. Sabata ina anamanga duku motsitsa mpaka kuphimba diso, n'kunena kuti yawaluma njuchi. Lero ndikaganiza, ndimadabwa kuti m'mudzi wonse uja mjigo unkagwetsa munthu mmodzi, njuchi nazo n'kumasankha yemweyo. Nthawi imeneyo ndinkangowauza kuti aziyenda mosamala.

Nkhondo yanga inali ina. Buku langa linayamba kuwonda. Tsiku lina ndinawapeza amalume atakhala pa chitsa, akupichira chingambwe chawo m'tsamba la m'buku langa. Ndinalira, ndinawatchula wakuba, iwo osatekeseka. Anati pepalalo limapsa bwino kuposa la m'kope. Kenako analoza Chiphaliwali ndi chala chawo chakuda chija.

"Iwe mwana, ameneyu amamenyana tsiku lonse koma zovala sizida. Munthu wotere ukamufunse amene amamuchapira."

Ndinakawanenera kwa bambo. Bambo anandisisita pamutu n'kundiuza kuti amalume ndi munthu wofunika kumupempherera. Ndinawapemphereradi, koma buku ndinayamba kulimanga m'chitenje pamimba.

Zinachitika m'mawa wina dzuwa litakwera, aganyu ali m'chigafa momwemo. Amayi anayesa kupachika okha fodya, masamba n'kuwapulumuka. Anakhala pansi atagwira nthiti, akupuma ngati munthu wothamanga. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mlongo wanga, lero ndi mjigo kapena njuchi?"

Amalume anasolola mkangala umodzi n'kulunjika kumapeto kwa chigafa kumene bambo ankayang'ana masamba ouma. Ndinayembekezera zimene ndinkaona m'buku, koma bambo sanauluke. Amalume atawakwapula ndi mkangalawo, anagwera pa mulu wa fodya atatchinga kumutu, malaya ositidwa aja atadzaza fumbi, akungoti, "Alamu, tikambirane." Amalume anati zokambirana anakambirana chaka chatha. Ine ndinawalumphira amalume n'kuwaluma pamkono ndi mphamvu zanga zonse. Sanandikankhe. Anataya mkangala uja, n'kuimirira chomwecho mpaka nsagwada zanga zitatopa.

Ankhoswe anakhala pansi kawiri. Ife ana anatithamangitsira kudambo, choncho zimene zinanenedwa sindinazimve. Ndinangoona bambo akumanga sutikesi pa njinga, n'kuyamba ulendo wa kwawo osacheuka. Ndinawathamangira mpaka pamsewu waukulu. Kutchalitchi anthu ankati chidakwa chapasula banja la munthu wabwino, ndipo amalume anawalipitsa mbuzi chifukwa chomenya munthu pagulu. Anaipereka osawiringula. Ine ndinaleka kuwapatsa moni, ndipo ndikawatengera madzi akumwa ndinkawaikira pansi patali ngati ndikupatsa galu. Ndinawada kwambiri, ndipo bambo ndinawasowa kwambiri. Zonse ziwirizi zinali zoona, ndipo chachiwiricho sichinathe mpaka lero.

Fodya anauma n'kusanduka wofiirira, tinayamba kumusankha ndi kumanga. Tsiku lina masana tili pakhonde, amalume anabwera n'kukhala pa chitsa chawo chija, chingambwe chili m'manja, akusisita matumba kufuna pepala. Ine ndinagwiritsa buku langa pamimba. Amayi anatambasula dzanja.

"Bwera nalo kuno."

Ndinawapatsa, ndikuganiza kuti akufuna kulibisa. Anayamba kulitsegula pang'onopang'ono, iwo amene sanaliyang'anepo n'kale lonse. Masamba a Chipsera anawadutsa. Anaima pa tsamba limene ndinkalikonda koposa, pamene Chiphaliwali waima yekha akumwetulira, manja m'chiuno, khamu la anthu likumuombera m'manja. Analiyang'ana kanthawi, kenako analing'amba mosamala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kupatsa mlongo wawo. Amalume anapichira, n'kuyatsa.

"Amayi, mwang'amba wabwinoyo," ndinatero.

Anandipukuta misozi ndi dzanja lamanja lija, limene linali litayambanso kukwera. Ndinalira mpaka dzuwa kupendeka, ndikudabwa kuti munthu wamkulu ngati amayi angalephere bwanji kusiyanitsa zithunzi ziwiri zosavuta chonchija.