Uthenga wa Cyprian

A Wilfred Gama amasoka nsapato pa khonde la golosale ina, pafupi ndi depoti ya minibasi pa Boma la Ntcheu. Akhala pamenepo zaka zoposa makumi atatu, moti a kabaza akamalozera mlendo njira amangoti, "Mukafika pa aGama mukhotere kumsika." Ndi bambo wamtali, wowerama pang'ono, wosachulutsa zonena. Khutu lawo lakumanja linafa kalekale ndi phokoso la makina a mumgodi, ndiye wofuna kuwauza kanthu amadzera kumanzere.

Kwawo ndi ku Champiti. Anapita ku Joni ali mnyamata kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ulendo umodzi ndi Cyprian, mnzawo amene ankaweta naye ng'ombe kuyambira ali ana. Ulendo woyamba anabwerako onse, aliyense ndi chipewa chake ndi wailesi yake. Ulendo wachiwiri Cyprian anasiya mkazi wake Zelesi ali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo wobwerako anali Wilfred yekha, atanyamula masutikesi awiri.

Pa siwa anafotokoza mwachidule. Mwala unagumuka, Cyprian anafera pomwepo, sanamve kuwawa, sanasiye mawu. Thupi silinatuluke. Anthu anagwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo. Zelesi anabereka mwana wamwamuna n'kumutcha Nicholas. Wilfred anakwatira Salome, n'kusamukira pa Boma, ndipo ku Champiti ankangopita kukagwa maliro, n'kukhala kumbuyo kwa anthu. Koma a Zelesi akabwera kudzagulitsa kachewere sankalephera kuima pa khondepo.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, alamu. Kaya kumudzi?"

Nsapato zonse za Nicholas, kuyambira ku pulayimale mpaka atakhala mphunzitsi chakuno ku Nsipe, zinasokedwa ndi manja a aGama, osalandirapo kanthu. Anthu ankati bambo ameneyu ngwamtima wabwino. Iwo akamva zimenezo ankangoweramira pa nsapato. Ndi a Salome okha amene ankadziwa kuti magalimoto akuluakulu akamabangula potsika mumsewu waukulu, amuna awo amasiya singano n'kugwira khutu lakufa lija, ngati wina wawaitana.

Chaka chatha, nyengo yachisanu, pa khondepo panafika mayi wina wa ku Lilongwe dzina lake Tracy. Anati amalemba masewero, ndipo gulu lawo likufuna kuchita sewero la anthu amene anagwira ntchito m'migodi. Anakhala pa benchi masiku atatu, foni ili pa bondo ikujambula mawu. Masiku awiri oyamba a Wilfred anamuuza za chakudya cha mukomponi momwe ankagona, za chikepe chotsika ngati mtima ukutuluka m'kamwa, za kuzizira kwa ku Joni. Tsiku lachitatu kunali mvula yowaza, makasitomala kulibe. Mwina chifukwa mayiyo anali mlendo woti madzulo akwera minibasi n'kupita, anamuuza zimene sanauzepo ngakhale mkazi wawo.

Cyprian sanafere pomwepo. Mwala unamupanikiza miyendo, ndipo pakati pa awiriwo panatsala mpata wongokwana dzanja. Wilfred analigwira dzanjalo. Linali lofunda. Pamwamba miyala inali ikuthetheka. Cyprian analankhula bwinobwino, ngati munthu wotuma mnzake kumsika: "Wilo, ukamuuze Zelesi, mwana akabadwa wamwamuna amutche Mfundo, dzina la agogo anga." Kenako anati, "Usandisiye." Fumbi litayamba kuyoyoka, Wilfred anasolola dzanja lake n'kuthawa. Uthengawo sanaupereke, pakuti munthu wofera pomwepo satuma mawu.

Tracy anazimitsa foni n'kulonjeza kuti mayina adzasintha. Anapita, ndipo chaka chinatha osamvekanso.

Lolemba lina a Wilfred anapeza chipepala chitamatidwa pa khoma la golosale, pamwamba penipeni pa benchi yawo. Chinali cholengeza sewero: Fumbi la ku Joni, Loweruka, thu koloko masana, mu holo ya pa Boma, kamodzi kokha. Matikiti kwa a Goliati a fotokope. Anachiwerenga kawiri n'kukhala pansi atachifulatira. Mumtima anati sapitako.

Lachitatu Nicholas anaimitsa njinga yake yamoto pa khondepo.

"Bambo, mwaiona nkhaniyi? Ine ndagula awiri, yanga ndi ya amayi. Akuti akufuna akaoneko mmene amuna awo ankakhalira kumeneko. Inu ndiye mukhala kutsogolotu."

"Tiona," anatero a Wilfred.

Njinga itangokhota, anaphimba zida zawo ndi thumba n'kuyamba wa kwa Goliati. Anamupeza akulimbana ndi makina ake, mapepala ali mbwee.

"Atha dzulo masana, aGama. Holo ija ndi yaing'ono. Mipingo inatengera amayi amasiye, masukulu atenganso. Mukanabwera Lolemba."

"Ngakhale ya choimirira?"

"Akana. Akuti m'mipatamo muzidutsa osewera. Yesani kwa a Maynard, anapatsidwa ena a gulu lanu lija."

A Maynard ndi wapampando wa gulu la anthu amene anagwirako ntchito ku Joni. Amakhala kuseri kwa msika, ndipo anawalandira bwino, mpando n'kuwapatsa. Koma atamva nkhani anatambasula manja.

"Achimwene, tinagawana pa msonkhano wa Lamulungu. Inu misonkhano yathu simubwera. Zaka zonsezi timakuitanani, mumati ntchito. Lero sewero ndiye lakudzutsani?"

A Wilfred anatsanzika n'kunyamuka. Misonkhanoyo ankaithawa chifukwa kumakhala kuyimba nyimbo za mumgodi ndi kutchula mayina a amene anatsalira.

Lachinayi wa kabaza wina anawatsina khutu kuti namwino wina ali ndi tikiti yotsala, popeza mwamuna wake wapita ku Balaka. Anamudikira pa geti la chipatala kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Atatuluka anati pepani, ndapatsa kale alamu anga. Anapita kwa akulu ampingo, anapita kwa mphunzitsi wamkulu wina amene amamusokera nsapato. Konse yankho linali limodzimodzi. A Salome anawafunsa chimene chawagwira, munthu woti ngakhale sewero la pa wailesi amazimitsa. Anangoti akufuna akaone. Zoona zake n'zakuti nawonso sankadziwa chimene akachite m'katimo. Nthawi zina ankaganiza zokakhala pafupi ndi a Zelesi kuti mawuwo akamatuluka, iwo akhale ali pomwepo. Nthawi zina ankangofuna kukamva ngati Tracy anachotsa gawo limenelo.

Lachisanu anavala jekete kuti apite ku Champiti akanene okha, sewero lisanawanenere. Anafika pokwerera, galimoto inadzadza iwo akuiyang'ana, inanyamuka. Yachiwirinso chimodzimodzi. Anabwerera pa khonde n'kusoka nsapato imodzi mpaka madzulo.

Loweruka anafika pa holo anthu atayamba kale kulowa. Anaima patali, kuseri kwa galimoto ya osewera, n'kuona Nicholas akulowetsa amayi ake atawagwira pa mkono. A Zelesi anali atavala chitenje chatsopano ndi duku loyera. Mzere utatha anapita pa khomo, pamene panaima bambo wonenepa wong'amba matikiti.

"Ndikufuna Tracy. Mumuuze kuti ndi aGama osoka nsapato."

"Ali kuseri, sangatuluke pano."

"Nkhani imene mukusewerayi ndinamuuza ndine."

Bamboyo anawayang'ana mosanyoza, koma motopa. "Madala, ndinu achisanu lero kundiuza zimenezo. Mwina nonse mukunena zoona. Koma mpando ndilibe."

Chitseko chinatsekedwa. A Wilfred anazungulira kuseri kwa holo, kumene mawindo ali m'mwamba ndipo magalasi ena anasweka. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, n'kutsamira khoma ndi khutu lakumanzere.

Poyamba kunali kuseka kokhakokha. Osewera ankatsanzira dokotala woyeza anyamata ali chibadwire, ankatsanzira munthu wofika kumudzi atavala magalasi akuda n'kumalankhula chilankhulo cha mumgodi kwa amayi ake omubereka. Kenako kunamveka nyimbo ya gule wa ngoma, mapazi akugunda pansi mpaka khoma kunjenjemera pa msana pawo. Anayamba kukhulupirira kuti gawo lija mulibe.

Ndiye holo inangoti zii. Ng'oma imodzi inayamba kulira pang'onopang'ono, ngati miyala ikuthetheka. Mayina anasinthadi: wothawayo anali Elson, wopanikizidwayo anali Redson. Koma mawu a wosewera uja atakwera, anatulukira pa windo losweka osasintha ngakhale limodzi.

"Ukamuuze mkazi wanga, mwana akabadwa wamwamuna amutche Mfundo, dzina la agogo anga."

Dzina limenelo Tracy analisiya. Mwina analikonda, mwina anaiwala kuti nalonso ndi la munthu.

"Usandisiye. Elson, usandisiye."

Wosewerayo anaitana katatu n'kusiya. A Wilfred anapeza kuti akudikira kachinayi, pakuti iwo ankadziwa kuti sikanali katatu.

Sanadziwe kuti papita nthawi yotani pamene anaona mapazi ataima patsogolo pawo. Anali a Zelesi, ali okha, duku lili m'manja. M'katimo sewero linali likupitirira.

"Ndimafuna kamphepo," anatero. "Nanga inu alamu, mwakhaliranji pa ngalande?"

"Matikiti anatha."

"Mpando wanga ulipo. Ine ndaona zokwanira."

A Wilfred sanadzuke. A Zelesi anayang'ana kuphiri kwa kanthawi.

"Agogo awo a Cyprian anali a Mfundo," anatero motsitsa. "Ine ndinawapeza ali moyo. Ndipo sutikesi ija ndi wailesi m'kati, mmene anyamulira mnyamata uja m'katimu, ndi mmene munanyamulira inu."

"Alamu, ine..."

"Ayi. Osati pano, kuseri kwa holo ngati anthu akuba. Nicholas ali m'katimo akulirira anthu achilendo, sakudziwa kanthu. Mubwere Lachiwiri kumudzi. Mukanene kumene kuli koyenera."

Anamanganso duku lawo n'kukakhala pa mwala chapatali, kudikira mwana wawo. Anthu atayamba kuwomba m'manja, a Wilfred anadzuka n'kudzera njira yakuseri.

Lachiwiri anakwera galimoto yoyamba. Anapeza a Zelesi atapempha kale chilolezo kwa eni manda, ndipo atatuwo analowa ku nkhalango, Nicholas ali pambuyo. Amayi ake anali atamuuza zochepa. Manda a Cyprian ndi kamtumbira kakang'ono, kamene pansi pake pali thunthu la nthochi lokulungidwa m'bulangete lake la ku Joni. A Wilfred anavula chipewa n'kunena zonse, kuyambira kugumuka kwa mwala, dzanja lija, dzina lija. Kenako ananena chimene ngakhale Tracy sanamuuze. Atathawa n'kufika pamene panasonkhana anzawo, kapitawo anawafunsa ngati kumeneko kwatsala wamoyo. Iwo anaopa kuti awabweza kuti akaloze malowo. Anati kulibe. Mwala wachiwiri, umene unatseka njira yonse, unagwa patapita nthawi yoti munthu akanatha kupita n'kubwerako.

"Akanamutulutsa?" anafunsa a Zelesi.

"Sindikudziwa, alamu. Ndakhala ndikudzifunsa tsiku lililonse."

Nicholas anatembenuka n'kutuluka m'mandamo. Posakhalitsa njinga yake inamveka ikulira, n'kuzimirira chakumsewu. A Zelesi anawerama n'kuzula udzu pang'ono pa mtumbirapo. Sanatukwane, komanso sananene kuti akhululuka. Anangoti, "Mwanena. Tiyeni tizipita." Panjira sanawaitanire kunyumba, ndipo a Wilfred anayenda okha kukadikira galimoto.

Kuchokera pamenepo a Zelesi akabwera pa Boma amadzera tsidya lina la msewu. Akakumana maso amagwedeza mutu, basi. Nicholas sanasinthe dzina. Anakhala miyezi iwiri osaoneka, mpaka tsiku lina masana anaimitsa njinga pa khondepo, osazimitsa injini, osavula chipewa.

"Bambo, ndili ndi funso limodzi. Kunyumba kuli chithunzi chawo, nkhope ndimaidziwa. Koma mawu awo ankamveka bwanji?"

A Wilfred anaika nsapato pansi. Anayesa kufuna pofanizira, koma sanapeze pena.

"Ngati anuwa," anatero. "Chiyambire pamene munasintha mawu. Mukandipatsa moni ndisanadzutse mutu, ndimayamba ndaopa kaye."

Nicholas anayang'ana pa mahandulo. Minibasi ya ku Lilongwe inaliza hutala kumbuyo kwake kuti apatuke. Anakankha njinga ndi phazi, n'kulowa mumsewu wa ku Nsipe.