Dzina pa Tsamba Loyamba

Amuna anga anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ndinkadana nacho. Buku lililonse likalowa m'nyumba mwathu, ankalitsegula n'kulemba dzina lawo pa tsamba loyamba, ndi inki yabuluu, n'kudula mzere pansi ngati akusaina kalata ku ofesi yawo ya zankhalango. Ngakhale buku loti ndagula ndekha kumsika wa Zomba, pomwe mabuku akale amayalidwa pansi pafupi ndi nsapato za kaunjika, likangogona m'nyumba linkadzuka ndi dzina lawo. Ndikadandaula ankati, "Obwereka amaopa dzina la mwamuna, mayi. Lanulo angalipeputse." Ndinkangowasiya, poti mkangano wa tsiku ndi tsiku umatopetsa.

Tinkakhala m'nyumba ya boma pamwamba pa phiri, pakati pa mitengo ya paini, kumene chinyezi chimalowa mpaka m'kabati. Dzuwa likawala tinkayanika mabuku pamphasa ngati mphale. Pamenepo m'pamene tinkanyozana bwino. Iwo ankawerenga zoona zokhazokha: mbiri ya nkhondo, mabuku a mitengo ndi nthaka, ndi moyo wa anthu otchuka. Ine ndinkawauza kuti mabuku a anthu otchukawo ndiwo abodza kuposa anga, chifukwa aliyense mmenemo anabadwa wosauka, anayenda wopanda nsapato, ndipo sanalakwirepo munthu. Iwo ankabweza kuti anga achikondi onse ndi buku limodzi losinthidwa chikuto.

Apo sankanama kwenikweni, koma ine ndinalibe tsankho. Ndinkawerenga achikondi, a ofufuza milandu yakupha, a mizukwa, ndakatulo, ngakhale a zamlengalenga amene ankandizunguza mutu. Olembedwa ndi alendo odzacheza kuno ankandikwiyitsa, chifukwa mmenemo tonse timangomwetulira, palibe amene dzino likumuwawa. A malangizo a mmene ungalemerere ndinkawasiyira pakati. Olemba ake sanakhalepo m'minibasi yopita ku Blantyre kudikira kuti idzaze. Amene ndinkawakonda koposa anali a milandu aja. Mmenemo munthu akafa pamakhala wina womuloza chala, ndipo pomafika kumapeto amakhala atagwidwa.

Amuna anga anagwa m'bafa m'nyengo yamvula, mbali imodzi n'kuuma, ndipo sanalankhulenso. Panalibe womuloza chala. Tinakawaika kwawo, kupitirira Songani.

Patapita masabata angapo abale awo anabwera kuphiri kudzagawa katundu, poti nyumba ya boma ndinayenera kutulukamo. Ndisawanamizire, sanabwere ngati akuba. Amalume awo, mkulu wofatsa amene ankatsogolera zonse, ananena poyera kuti cha mkazi chikhale cha mkazi. Mapoto, makina osokera ndi bedi anandisiyira. Koma mwambo wawo umati wachibale aliyense achoke ndi kanthu ka malemu m'manja, ndipo anthu anachuluka kuposa malaya ndi nsapato. Maso onse anatembenukira ku mashelefu.

"Kuti tisalakwire munthu," anatero amalumewo, "tizitsegula limodzilimodzi. Lomwe lili ndi dzina la malemu, la kubanja. Lomwe lilibe, la mayiwa."

Ine ndinali pamphasa, mutu wofunda chitenje, monga namfedwa ayenera kukhalira. Ndinawaona amalumewo akunyowetsa chala ndi malovu, kutsegula, kuwerenga dzina mokweza, n'kuika kudzanja lamanja. Mulu wa kumanja unkakula. Kumanzere kunali pansi pokhapokha. Atanyamula buku lina lachikondi, la chikuto cha mkazi atagwira duwa, ndinalephera kupirira.

"Amenewo ndi anga. Malemu sankawagwira n'komwe."

"Pepani mayi," anayankha mwaulemu, akunditembenuzira tsambalo. "Nanga dzanja ili ndi la ndani?"

Mchimwene wanga, amene anabwera kudzandiyankhulira, anandinong'oneza: "Achemwali, mukangane ndi anthu chifukwa cha mapepala? Anena kuti simukulira." Kumanzere kunatsala buku la nyimbo za kutchalitchi ndi lina la kaphikidwe lopanda chikuto. Tsiku limenelo ndinakwiyira munthu wakufa, mkwiyo weniweni, woti akanakhala pafupi ndikanamugenda ndi cholembera chake chomwecho.

Ndinatsikira m'tauni, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Anthu achifundo ankandibwereka mabuku a mmene munthu angapirire imfa. Ndinkawabweza osamaliza. Onse amalankhula ngati nesi amene akufulumira kuweruka. Ndinkalakalaka anga omwe aja, okhala ndi madontho a tiyi ndi ngodya zimene ndinapinda ndekha, koma ndikafunsa kumudzi kuja ankangoti ali bwino, asungidwa.

Tsiku lina Loweruka ndinagula zitumbuwa kwa mayi wina pafupi ndi depoti. Anandikulungira m'pepala, ndipo poti diso la wowerenga silimva, ndinayamba kuwerenga mawu amene mafuta anali asanawafike. Papepalapo wapolisi anali kufunsa wantchito wa m'nyumba za kiyi wa chipinda chapamwamba. Ndinkaidziwa nkhaniyo. Ngodya ya pepalalo inali yopindidwa kawiri, mmene ndimapindira ine.

Ndinabwerera. Pansi pa tebulo la mayiyo panali katoni, ndipo mmenemo munali mabuku ong'ambidwa pakati ngati nkhuku zotumbula. Ndinaona la mitengo, la nkhondo, ndi theka la buku langa la ndakatulo. Anati anawapeza kwa bambo wina wa cha ku Songani amene anadandaula kuti akungodyedwa ndi chiswe.

Ndinagwada pamenepo, anthu akundilambalala, n'kuyamba kufufuza. Ndinadzidabwa ndekha, chifukwa sindinkafuna mapeto a nkhani iliyonse. Buku lililonse ndinkalitsegula kutsogolo. M'nyumba mwanga munalibe kanthu kena kolembedwa ndi dzanja la amuna anga, ndipo ndinkafuna tsamba limodzi lokha la inki yabuluu ija, ndi mzere wake pansi. Onse anayambira pa tsamba lachitatu kapena lachisanu.

"Mukufuna chiyani kodi, amayi?" anafunsa wogulitsayo.

"Masamba oyamba. Aja olembedwa dzina ndi cholembera."

"Ooh, amenewo? Iyayi, sitikulungira amenewo. Inki imasungunuka ndi mafuta, imadetsa chakudya, makasitomala amadandaula. Ndinachotsa onse tsiku lomwelo." Analoza mbaula imene inali pambali pake. "Ndinayatsira moto."

Anandifunsa ngati ndikufuna zitumbuwa zina, poti zija zinali zitagwera m'fumbi. Ndinati ayi.