Akamuvula ovolosi

Achimwene anga anzawo amawatchula kuti Mleme, chifukwa ntchito yawo yopaka pulasitala ankaigwira atalendewera pamwamba, pomwe ena amachita chizungulire. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Akaweruka ankafika kunyumba simenti ili mbuu mpaka m'nsidze, akazi awo, alamu anga, n'kumawaseka kuti akwatiwa ndi chipupa.

Pamalo omwe ankamanga nyumba yosanja panali kachitidwe kamene aliyense ankakadziwa koma osakatchula. Munthu akavulala, anzake ankathamanga kukamuvula ovolosi ndi magambuti, kumupukuta simenti kumaso, kenako n'kumukweza galimoto. Kuchipatala azikanena kuti wagwa kunyumba pokonza denga. Kapitawo ankati oyendera a boma akamva za ngozi adzatseka malowo, ndiye onse agona ndi njala chifukwa cha munthu mmodzi. Achimwene nawonso anavulapo anzawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku lawo litafika, thabwa linathyoka, iwo n'kugwera pa mulu wa njerwa. Ine ndi alamu tinakawapeza kuchipatala atavala malaya a munthu wina, othina m'mapewa. Dokotala atafunsa chomwe chachitika, achimwene anayang'ana kapitawo yemwe anaima kuphazi kwa bedi, n'kuyankha kuti, "Ndimakhoma malata kwathu." Ndinapsa mtima moti ndinatuluka panja. Nyumba yake iti? Amakhala ya lendi, ndipo mwini wake salola ngakhale kukhoma msomali wopachikapo galasi.

Msana wawo sunabwerere mwakale. Amayenda, koma mogwira khoma, ndipo dzanja lamanja silitha kufumbata ndi supuni yomwe. Mantha anayamba kuwadya. Wina akagogoda ankadzidzimuka, poganiza kuti ndi mwini nyumba. Ana akapempha kanthu ankayang'ana kumbali.

Ndine amene ndinawaumiriza kuti tipite ku ofesi ya zantchito kukadandaula za chipukuta misozi. Mayi amene tinawapeza kumeneko anamvetsera bwino, n'kutiuza kuti nkhani ikhoza kuyenda, bola wovulalayo anene zoona pamaso pa abwana ake, popeza kuchipatala ananena zina. Anatipatsa tsiku loti tidzakumane ndi kapitawo.

Kapitawoyo sanadikire tsikulo. Anabwera kunyumba atanyamula shuga ndi sopo, nkhope yachisoni ngati wabwera kudzapepesa maliro.

"Mayi," anatero kwa alamu, "ana asavutike ife tilipo. Mawa mubwere, muzidzanyamula matope. Ndife anthu amodzi."

Alamu anagwada pothokoza. Sindiwanena, m'nyumbamo munalibe chakudya. Anayamba kukwera ndi ndowa pamutu m'matabwa omwewo, ndipo achimwene ankakhala pakhomo tsiku lonse, khutu lili kumsewu. Galimoto ikachepetsa liwiro pafupi ndi nyumba ankaimirira, poopa kuti yabweretsa akazi awo atavulala.

Tsiku lokumana lija tinakhala pa benchi m'kachipinda kotentha. Kapitawo anakhala moyang'anizana nafe, chipewa chili pabondo, akumwetulira. Ndinawatsina achimwene pantchafu kuti alimbe mtima. Malaya awo anali atanyowa kumsana.

"Bambo, munavulalira kuti?" anafunsa mayi aja.

Kapitawo anatsokomola pang'ono, n'kunena ngati akucheza, "Akazi awo ndi olimbikira kwambiri, lero ali pamwamba penipeni."

"Ndafunsa bambowa," anatero mayiwo. "Musaope, nenani."

"Kunyumba," anatero achimwene. "Ndinagwa kunyumba."

Mayiwo anafunsanso kawiri, yankho linali lomwelo. Panjira ndinkafuna kuwakalipira achimwene, koma nanenso mantha anali atandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti akanayankha zina, alamu akanachotsedwa ntchito madzulo omwewo.

Alamu anafika dzuwa likulowa, khosi litauma, simenti ili m'tsitsi. Anakhala pampando n'kuyamba kumasula magambuti. Sanafunse za ku ofesi, anangoona nkhope zathu. Achimwene anadzikoka mpaka pamene panali akazi awo, n'kuwagwira mkono ndi dzanja labwino lija.

"Amake ana," anatero motsitsa mawu kuti ana asamve, "mukadzagwa, musadzalole kuti akuvuleni. Ngakhale akukokeni bwanji, mudzagwire ovolosiyo zolimba."

Alamu anasiya kumasula gambuti lachiwiri.

"Nanga ndikadzakomoka?" anafunsa.