Ku Area 10 kulibe malume

Lachitatu ndinaperekeza mnzanga wina, amake Thoko, kwa telala ku Highfields. Thoko ndi namwino, anabadwira konkuno ku Leicester, ndipo chinkhoswe chake chinali choti chichitike mwezi wamawa. Tinapita kuti akayese diresi.

Telalayo ndi mkulu wa ku Iran, wolongolola ngati wailesi. Pamwamba pa makina ake anapachikapo chithunzi cha mudzi: nyumba zadothi zowerengeka, phiri lopanda mtengo kumbuyo, ndi kanyumba kamodzi kopaka laimu, mbendera ili pamwamba. Thoko atangofunsa kuti kumeneko ndi kuti, munthu uja anayika singano pansi.

"Limenelo ndi likulu," anatero m'Chingerezi chake chothyokathyoka. Akuti midzi yonse ya m'chigwamo imayang'ana pamenepo. Wa mlandu wa malire a munda, wolimbirana madzi a mu ngalande, onse amakwera bulu kupita ku kanyumba koyerako.

Amake Thoko anandigwira mkono n'kutembenukira ku Chichewa. "Likulu limeneli, asisi? Koma abale. Nduna zake ndi mbuzi?" Anaseka mpaka misozi.

Telala sanamve. Anangofunsa Thoko, mapini ali kukamwa, kuti nanga mudzi wa kwawo ndi uti. Mwana uja anayang'ana mayi ake.

"Lilongwe, Area 10," anayankha amake, mutu uli m'mwamba.

Ine ndinangoyang'ana pansi. Amake Thoko ndimawadziwa kuyambira tili ndi zipere. Kwawo ndi kwa Kamphepo ku Dowa, ine kwathu ndi kutsidya kwa dambo. Ndipo chondiseketsa n'chakuti pa Kamphepo ndi palikulu pomwe: pali khoti la mfumu yaikulu, kachipatala, chigayo ndi msika wa Lachisanu. Ife a midzi yozungulira tinkasamba bwino popita kumeneko. Ku Area 10 anakhalako, inde, mwina chaka chimodzi, kuseri kwa nyumba ya abwana a amuna awo.

Matendawa si a amake Thoko okha ayi. Pitani ku phwando lililonse la Amalawi, ku Leicester kuno, ku Derby kapena ku Nottingham, mufunse anthu kwawo. Uyu ku Nyambadwe, uyo ku Namiwawa, winayo Area 43. Mpaka umadabwa kuti kodi ndege ya ku Heathrow imakana anthu a ku Ntchisi? Nanga chimanga chonse chija ku Malawi amalima ndani, poti tonse tinakulira m'mipanda ya njerwa?

Ndiye tikunamiza ndani? Mzungu wokalamba amene timamusambitsa kuntchito pa shifiti sadziwa n'komwe kuti Malawi ali mbali iti. Ukati Area 10, ukati Kamphepo, kwa iye ndi phokoso limodzi. Bodzali timaphikirana tokhatokha, anthu oti timadziwana mpaka dzina la galu wa agogo. Zimandinyansa, ndinene poyera.

Tsono imvani za Lamlungu. Ankhoswe a mwamuna anabwera kuchokera ku Nottingham, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndikhale mbali ya kuchikazi. Wotsogolera anali bambo wachikulire wa imvi, wosathamanga polankhula. Tiyi atamwa, anatembenukira kwa Thoko.

"Mayi, kwanu ndi kuti? Tikufuna titume anthu kumudzi akagwade kwa malume anu."

"Area 10," anatero Thoko, akumwetulira, osadziwa kuti walakwa kanthu.

Bambo aja anayika kapu pansi. "Ku Area 10 kuli mageti ndi alonda, mwana wanga. Malume kulibe. Mudzi ndi uti, mfumu ndani?"

Amake Thoko anayamba kufotokoza zoti masiku ano zinthu zinasintha, kuno ndi ku Ulaya. Bambo aja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati iwo sangatenge mwana wa eni ake ngati akutola ambulera yoiwalika m'basi. Chinkhoswe chidikire kaye mpaka mudzi upezeke. Anatsanzika mwaulemu n'kunyamuka.

Mawa lake Thoko anandiimbira foni pa nthawi yopuma kuntchito. Chichewa chake n'chopunduka, koma tsiku limenelo anayesetsa.

"Anti, chonde musandibisire. Kwathu ndi kuti?"

Ndinamuuza. Ndinamutchulira mudzi, mfumu, ndi dzina la malume ake amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khoti. Anandipempha kuti ndibwereze "Kamphepo" pang'onopang'ono kuti aphunzire katchulidwe kake. Mtsikana wa zaka zoposa makumi awiri, woti amabaya anthu jakisoni, kuphunzira dzina la kwawo ngati mwana wa sitandade wani. Ndinamva chisoni, kenaka mkwiyo.

Amake anamva kuti ndine ndaulula, ndipo foni yanga sakuyankhanso. Akuti ndawavula pagulu. Zilibe kanthu, ndizolowera.

Diresi lija likadali kwa telala. Ndinadutsako dzulo, ndinaliona lili pa hang'ala, pansi penipeni pa chithunzi cha nyumba zadothi zija. Mkulu uja anali kalikiliki kulozera kasitomala wina likulu lake.

Inu amene mukuwerenga, mwana wanu akafunsidwa kwawo, adzatchula mudzi kapena nambala?